Mpando Umene Unatsala ku Rufunsa

Pofika temu yachitatu ya chaka cha 2023, Elina sankathanso kuimirira pabolodi mpaka belu kulira. Anali ndi zaka 38, ndipo ankaphunzitsa giredi 4 pa sukulu ina ya pulaimale ku Rufunsa. Akalemba mizere itatu kapena inayi, ululu unkayambira m'chiuno n'kutsikira kumwendo wamanzere. Phunziro ankalimaliza atagwira tebulo.

Vutoli silinali latsopano. Msana wake unayamba kukhota ali mtsikana, ndipo phewa lakumanja linakwera pang'ono kuposa linzake. Anakula akubisa. Telala wake wa pamsika ankadziwa kuti madiresi a Madamu amafunika kansalu kowonjezera paphewa limodzi, ndipo ngakhale kutentha kwa mu Okutobala Elina sankavula juzi. Amene ankaudziwa bwino msanawo anali amayi ake ndi mwamuna wake Matthias, mlangizi wa zaulimi, mwana wa m'mudzi wina kuseri kwa Mpanshya.

Kubisako kunakula pa ukwati wawo mu 2011. Vivian, mlongo wamkulu wa Matthias, mayi wapakamwa koma wolimbikira ntchito, anaseka pagulu kuti mkwatibwi akuyenda mopendama ngati njinga ya makala yomangidwa mbali imodzi. Anthu anaseka, nkhani inapita kwina. Elina sanaiwale. Matthias nayenso sanaiwale, ndipo kuchokera pamenepo za msana wa mkazi wake sankazitchula kwawo.

Amene anawakankha kuti apite kuchipatala anali Sisita Inutu, namwino wa pa kiliniki ya ku Rufunsa, yemwe ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pawo. Mu Januwale 2024, dokotala wa mafupa ku Lusaka anawaonetsa chithunzi cha ekisire. Cha m'munsi, msana unakhota ngati chikwakwa. Anati matendawa amatchedwa sikoliyosisi, si ufiti, ndipo anthu ambiri a msana wokhota safunika opaleshoni. Koma Elina anali atayesa kale mankhwala ndi masewera olimbitsa msana kwa chaka, osathandiza, ndipo mafupa am'munsi anali atayamba kupanikiza mitsempha yopita kumwendo.

"Tidzawongola pamene tingathe, n'kuika zitsulo ziwiri m'mbali mwa msana, zomangidwa m'mafupa ndi masikuluu," anatero dokotalayo. "Koma zitsulo sizichiritsa. Ntchito yake n'kugwira mafupa kuti asagwedezeke kufikira atalumikizana okha. Zimenezo zimatenga miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka. Miyezi itatu yoyambirira musawerame, musapotoze thupi, musanyamule chilichonse cholemera kuposa ketulo ya madzi."

Elina anafunsa funso limodzi lokha: ngati adzaimiriranso pabolodi. Dokotala anati mafupa akalumikizana bwino, adzatha kubwerera m'kalasi mu Januwale 2025.

Opaleshoni anaiika pa 14 Meyi. Mu Epulo, Sisita Inutu anafika kunyumba kwawo Loweruka lina n'kuyendera chipinda chilichonse ngati wofuna kuigula nyumbayo. Bedi anati ndi lalifupi, likwezedwe ndi njerwa. Chimbudzi chokumba anati sichingatheke kwa munthu wosaloledwa kunjuta, pakhomedwe chokhalira cha matabwa. Mapoto, mbale ndi beseni losambira anati zonse zikwere zifike m'chiuno. Anamuphunzitsa Elina kudzuka pabedi mogubuduka thupi lonse pamodzi ngati chipika, osakhotetsa msana, ndipo anamubwereza mpaka Elina anaseka kuti ngakhale ana a giredi 1 sawabwerezetsa chotero. Anamuuza adye nyemba, kapenta, mazira ndi masamba, amwenso mapiritsi owonjezera magazi. Mankhwala opha ululu monga dikolofenaki ndi bulufeni, amene Elina ankagula pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, anati awasiye, chifukwa angachedwetse kulumikizana kwa mafupa. Amwe okhawo amene dokotala adzamulembere.

Matthias anachita zonse. Anawonjezeranso chake: anapita kwa kalipentala wa m'mbali mwa msewu ku Chinyunyu n'kukhometsa mpando wautali miyendo, wowongoka kumsana, wa manja awiri ogwira podzuka. Inutu anaukhalira, nadzuka, naukhaliranso, n'kuvomereza.

"Nyumba mwakonza, atate a Daliso," anatero, kumutchula dzina la mwana wawo woyamba. "Nanga abale mwawakonza?"

Matthias anati amayi a Elina adzabwera kuchokera ku Nyimba kudzathandiza mwezi woyamba, ndipo ahedi a sukulu akudziwa.

"Ndikunena a kwanu. A ku Mpanshya."

"Aja ayi, ba Sisita. Simuwadziwa. Adzayamba zakuti ndinakwatira munthu wolumala, zakuti ana atengera. Tidzawauza kuti amake Daliso ali pa maphunziro a aphunzitsi ku Lusaka. Akachira, ndani adzafunse?"

Inutu anati matenda ndi a mwini wake, ndipo iye monga namwino sangauze munthu popanda chilolezo. Koma anawachenjeza kuti pa odwala amene anawaona akubwerera m'mbuyo, ambiri sanapwetekedwe ndi bedi kapena chimbudzi. Anapwetekedwa ndi ntchito imene anachita poopa kukana pamaso pa anthu osadziwa kanthu. "Sankhani munthu mmodzi chabe kumudziko, wapakamwa, woti akalankhula anthu amamva. Ameneyo adziwe."

Elina ndi Matthias anayang'anizana. Munthu wotero kumudzi analipo mmodzi, ndipo anali Vivian. Sanamuuze.

Opaleshoni inayenda bwino. Tsiku lachiwiri Elina anaimirira atagwiridwa ndi anthu awiri, ndipo patatha mlungu anatuluka atavala lamba wolimba wogwira msana. Ululu wakale wakumwendo unatha. M'mawa uliwonse ankayenda kuchokera pakhonde kukafika pa mpanda, kenako mpaka pa geti la kiliniki. Masana ankakhala pampando wake wautali akuwerenga mabuku a giredi 4. Amayi ake atabwerera ku Nyimba pakati pa Juni, bala linali litauma, ndipo Inutu ankati sanaonepo wodwala womvera chotero.

Koma mlungu umene Elina anatuluka m'chipatala, amayi a Matthias anagonekedwa pa chipatala cha mishoni ku Mpanshya ndi matenda a mtima. Vivian ndiye ankawadwazika, usana ndi usiku. Anaimba foni kangapo kupempha kuti mlamu wake abwere adzamupumitse ngakhale masiku awiri. Matthias ankapita yekha Lamlungu, ndipo nthawi zonse yankho linali lomwelo: maphunziro avuta, sakuloledwa kutuluka. Mayiwo anamwalira Lachitatu pa 26 Juni. Elina anali atatha milungu isanu ndi umodzi chichitireni opaleshoni.

Mwambo wa maliro kumeneko umadziwika ndi aliyense. M'nyumba ya maliro amatulutsa mipando yonse kupita kwa abambo panja. Amayi amakhala pansi, amagonanso pansi pomwepo mpaka tsiku loika. Apongozi aakazi, ndiye kuti akazi okwatiwa pabanjapo, ndiwo amatunga madzi, kutola nkhuni ndi kugwada popereka chakudya. Mayi wokhala pampando m'nyumba ya maliro a apongozi ake amakambidwa zaka.

Inutu atamva, anabwera Lachinayi m'mawa asanapite kuntchito. Anati ulendo wokha ndi wautali kale kwa msana wotere. Ngati n'kosatheka kutsala, Elina apite tsiku loika lokha, akhale kutsogolo kwa galimoto, lamba avale pamwamba pa zovala kuti aliyense aone, atenge mpando wake, ndipo Vivian aimbiridwe foni asananyamuke. Matthias anavomera zonse ndi mutu.

Inutu atachoka, Matthias anati mpongozi sangafike tsiku loika ngati mlendo wodutsa, makamaka atalephera kale kudwazika. Mnzake wa kuntchito anawabwereka galimoto masana omwewo. Matthias ananyamula mpando uja n'kuukweza kumbuyo. Anaima pang'ono akuuyang'ana. Kenako anautsitsa n'kuubwezera pakhonde.

"Ndikauza ba sisi Vivian tikafika," anatero. "Zotere si za pafoni."

Elina sanatsutse. Lamba anamuvala mkati, namanga zitenje ziwiri pamwamba.

Atafika, analowa m'nyumba akulira monga amachitira aliyense. Kukhala pansi atavala lamba kunakanika, ndipo zitenje zinatukumuka moonekera, choncho anapita kuseri n'kumuvula, namubisa m'chikwama. Vivian anamupeza atatsamira khoma, miyendo atatambasula.

"Mwafika, ba Madamu. Mayeso mwakhoza?"

Elina anaweramitsa mutu.

"Amayi anakufunsani mpaka Lolemba. Ndinawauza kuti muli pasukulu. Anati chabwino, aphunzire."

Vivian sanakweze mawu. Maso ake anali otupa, ndipo anali ataonda. Pamenepo Elina akanatha kunena, koma m'chipindamo munali amayi oposa makumi awiri, ndipo kunena kukanatanthauza kuulula kuti iye ndi mwamuna wake ananamiza munthu amene wagona m'bokosi. Analira. Pamaliro palibe amafunsa chimene munthu akulirira.

Anagona pamphasa, pasimenti yozizira ya mu Juni. Lachisanu m'mawa anadzuka mogwira khoma.

Chaka chimenecho kunali chilala. Chitsime cha pafupi ndi nyumba chinaphwa mu Epulo, ndipo madzi ankatunga pa mjigo wa kusukulu, kuseri kwa minda. Vivian anagawa zigubu za malita makumi awiri kwa apongozi onse. Elina anati msana ukumuvuta.

"Msana?" anatero Vivian. "Ine ndagona pansi pa bedi la amayi m'wodi milungu isanu. Za msana muzifunsa ine, mulamu." Amayi ena anaseka. Vivian anamasula pangodya ya chitenje n'kumupatsa mapiritsi awiri a dikolofenaki. "Imwani awa. Wa choko ndi wa khasu, msana ndi umodzi."

Elina anatenga chigubu n'kuzungulira kuseri kwa tenti ya abambo. Anatuma munthu kuti amuitanire mwamuna wake.

"Atate a Daliso, auzeni ba sisi manje, pompano. Andipatsa chigubu."

Matthias anali asanagone, ndipo amalume ake ankamuitana za manda. Anati Vivian ali ngati moto; kumuuza lero n'kuyatsa mkangano pamaso pa anthu a mpingo, maliro ali m'nyumba. "Mawa tiika. Pirira lero lokha. Usadzaze, tunga theka chabe. Tikaika ndidzamuuza bwinobwino."

Pa mjigo panali mzere, ndipo amayi ankathandizana: mmodzi amapopa, wina amasuntha zigubu. Cha Elina anachidzaza mpaka pakamwa ngati zinzake zonse. M'chaka cha chilala, munthu wobwera ndi theka la chigubu kuchokera mtunda wotero akanafunsidwa mafunso. Ulendo woyamba amayi awiri anamusenzetsa, ndipo anafika nacho. Ulendo wachiwiri womusenzetsa anali mmodzi, ataima chakumanja. Elina anawerama, nagwira chigubu pansi, n'kutembenukira kwa mnzakeyo pokweza. Anamva kanthu kakuthetheka m'munsi mwa msana, kumanzere, ndipo moto unatsika mwendo wonse mpaka chala chachikulu. Sanagwe. Anasenza madziwo mpaka kunyumba.

Madzulo Vivian anamuona akuyenda mokoka mwendo. Mtima unamufewa pang'ono. Anatenthetsa madzi n'kumuuza kuti avule bulauzi amuthowe msana ndi nsalu yotentha, monga ankawachitira amayi. Elina anakumbukira chipsera chake, nakana mwaulemu. Vivian anakhuthula madziwo pansi. "Manja a kumudzi ndi akuda, eti," anatero, nachoka.

Loweruka anapita kutchalitchi ndi kumanda pa lole ya Kanta, Elina atakhala pansi pa zitsulo pamodzi ndi amayi anzake, msewu uli wa maenje. Maliro ataikidwa panali msonkhano wa banja, ndipo Matthias anaona kuti imeneyonso si nthawi yake. Anabwerera ku Rufunsa Lamlungu asananene kanthu.

Dokotala anali atawapatsa tsiku la 2 Julayi kuti akamuonenso ku Lusaka. Elina sanapite. Ankachita manyazi kukafotokoza zimene anachita, ndipo ankadziuza kuti akapuma mlungu umodzi ululu utha. Anavalanso lamba, anabwerera pampando wake, nayamba kutuma dikolofenaki pakantemba. Inutu atafunsa pafoni za ulendo, Elina anati anayenda bwino, ndipo tsiku la ku Lusaka analisintha chifukwa cha maliro. Kuyenda kwa m'mawa anakusiya. Matthias ankaona, koma kufunsa kwambiri kukanamufikitsa pa mpando umene anautsitsa m'galimoto, choncho ankangofunsa ngati wamwa mankhwala.

Lachisanu pa 19 Julayi, Inutu akuchokera kuntchito anamuona Elina akuyanika tinsalu pachingwe. Patapata wa kuphazi lamanzere anavuka kawiri pamtunda wochepa. Pafumbi panali kamzere kosiyidwa ndi zala zokwekwereza. Inutu analowa pampanda, namukhazika pampando uja, n'kumuuza kuti akweze zala za phazi lamanzere. Phazi linangokhala.

"Zinayamba liti?"

"Pamaliro."

"Munanyamula chiyani?"

Elina anafotokoza zonse. Inutu sanakalipe. Anafunsa ngati mkodzo ukuugwira bwino, ngati pakati pa miyendo pachita dzanzi, ngati thupi likutentha. Zimenezo panalibe. Kenako anati phazi lofooka chotero limasonyeza kuti mtsempha wapanikizika, ndipo mtsempha sudikira. "Chigubu chinali tsiku limodzi, amake Daliso. Koma milungu itatu iyi ndiyo ikundiopsa. Mukanandigogodera Lamlungu lomwe munafika." Anakonza zowatumiza ku Lusaka m'mawa mwake.

Zithunzi zinaonetsa kuti sikuluu yam'munsi kumanzere inasuntha m'fupa n'kupanikiza mtsempha umene umakweza phazi. Matthias anafunsa ngati chinachititsa ndi chigubu. Dokotala anayankha mosamala. Anati masikuluu nthawi zina amasuntha ngakhale kwa wodwala amene watsatira zonse, choncho sangalumbire kuti ndi chigubu chokha. Koma kuwerama ndi kutembenuka atanyamula makilogalamu makumi awiri, mafupa asanagwirane, n'chinthu chenicheni chimene analetsa. Chimene anali nacho chitsimikizo chinali chakuti mtsempha wotsenderezedwa tsiku limodzi umachira bwino kuposa wotsenderezedwa milungu itatu. Opaleshoni yachiwiri inachitika pa 24 Julayi.

Nthawi imeneyo amayi a Elina anali akudwala ku Nyimba, ndipo Matthias sakanatha kukhala m'wodi ya odwala aakazi. Panalibenso wina. Anaimbira Vivian, n'kungonena kuti mlamu wake wagonekedwa ku Lusaka ndi vuto la msana. Vivian anakwera basi tsiku lomwelo, atanyamula beseni ndi bulangete lomwe ankagonera ku Mpanshya.

M'mawa mwake anamwino anamupempha kuti athandize kumupukuta wodwala. Anamugubuduza Elina chammbali. M'munsi munali bandeji yatsopano. Pamwamba pake panali chipsera chowongoka, chouma kale, chokwera mpaka pakati pa mapewa. Vivian anaima nsalu ili m'manja.

"Ichi si cha dzana," anatero. "Ichi ndi cha liti, mulamu?"

"Cha mu Meyi."

Vivian anaviikanso nsalu ija m'madzi. Anamaliza kumupukuta pang'onopang'ono, namufunditsa, n'kutuluka. Matthias anali pabenchi panja.

"Sukulu yake inali iyi?"

Matthias anavomera.

"Ndinamupatsa chigubu ndi manja anga awa. Ndinamuseka pamaso pa anthu. Iwe uli pompo, pa tenti, ukudziwa." Anakhala pabenchipo, kutali naye pang'ono. "Amayi apita akuganiza kuti mpongozi wawo anawasiya chifukwa cha pepala la sukulu. Ukudziwa kuti ankamukonda kuposa ine? Ukanawauza, akanamupempherera. Unawamana ngakhale zimenezo."

Matthias anati ankaopa pakamwa pake. Anamukumbutsa za njinga ya makala.

"Njinga iti?"

Anamufotokozera: pa ukwati, mu 2011, pafupi ndi khomo la holo. Vivian anayesa kukumbukira, koma sanathe. Sanakane kuti ananena; anati zikumveka ngati zake.

"Pakamwa panga mpoipa, ndikudziwa. Koma pakamwa pomwepa ndi pamene pakanamuteteza. Ukanandiuza, ndikanaika mpando pakati pa nyumba ya maliro, ndipo wofunsa akanafunsa ine."

Vivian anakhala ku Lusaka mpaka Elina atatuluka, kenako anakhalanso ku Rufunsa miyezi iwiri. Malamulo a dokotala anawasunga mwaukali kuposa Inutu. Elina akangoyang'ana supuni yogwa pansi, Vivian ankakuwa kuchokera kukhitchini. Anthu a mpingo obwera kudzazonda ankawauza pakhomo pomwe kuti wodwala sadzuka kupereka moni, asadabwe.

Januwale 2025 anafika, Elina sanabwerere m'kalasi. Anabwerera mu Meyi. Mafupa analumikizana, ndipo msana ndi wowongoka kuposa kale, koma phazi lamanzere linabwerera pang'ono chabe. Amavala kapulasitiki kogwira phazi mkati mwa nsapato, ndipo pa mtunda amayenda ndi ndodo. Dokotala anamuuza mosabisa kuti mphamvu imene sinabwere pakatha chaka kapena kupitirira pang'ono mwina sibweranso. Amaphunzitsa atakhala. Zolemba pabolodi amamulembera mphunzitsi mnzake m'mawa ana asanalowe, ndipo iye amaloza ndi ndodo. Funso limene anafunsa ku Lusaka linayankhidwa motero.

Kumapeto kwa Juni 2025 kunali misa yokumbukira amayi a Matthias. Kutatsala tsiku limodzi, Vivian anafika ku Rufunsa pa minibasi. Sanafunse munthu. Anatenga mpando uja pakhonde, nakangana ndi kondakitala mpaka anaumanga pamwamba, n'kubwerera nawo ku Mpanshya.

Elina ndi Matthias atafika kuchokera kutchalitchi, amayi anali atakhala kale pamphasa m'nyumba ija. Mpando unali pakati pawo, pafupi ndi zenera. Azakhali ena okalamba anafunsa motsitsa mawu kuti mpando wa abambo ukutani muno.

"Ndi wa mulamu wanga," anatero Vivian, mokweza kuti ndi a pakhonde amve. "Ali ndi zitsulo mumsana, madokotala anamuchita opaleshoni kawiri. Sakhala pansi, sagwada, satunga madzi. Chaka chatha tinamutungitsa, n'chifukwa chake mukumuona ndi ndodo. Amene ali ndi funso abwere kuno."

Palibe anabwera. Azakhali aja anasuntha mphasa yawo kuti ndodo ipeze podutsa, ndipo mayi wina anafunsa ngati pazenerapo sipakuzizira. Zonse zinatha m'kanthawi kosakwana kumwa kapu ya madzi.

Elina anagwira manja a mpando n'kukhala. Kuchokera pamenepo ankaona ngodya imene anagona chaka chapitacho, ndiponso Matthias ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, akuyang'ana pansi pamene miyendo inayi ya mpando inaponda. Malowo sanali aakulu. Chaka chapitacho analiponso.

Phunziro: Opaleshoni yolumikiza mafupa a msana siithera m'chipinda cha opaleshoni. Zitsulo zimangogwira, mafupa amalumikizana okha pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, ndipo nthawi imeneyo wodwala asawerame, asapotoze thupi, asanyamule zolemera kufikira dokotala atamulola. Pokonzekera, kukweza bedi ndi kukonza chimbudzi n'kofunika, koma sikokwanira. Maliro, ukwati ndi matenda a abale sizidikira kuti munthu achire, choncho pabanja pakhale wina wodziwa, woti adzalankhule m'malo mwa wodwala mwambo ukadzafuna zimene thupi silingathe. Ululu watsopano wadzidzidzi, dzanzi, kufooka kwa phazi, kulephera kugwira mkodzo, kutentha thupi kapena bala lotuluka madzi ndi zizindikiro zopitira kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale wodwala atakhala kuti walakwitsa yekha. Musazibise ndi mapiritsi a pakantemba, ndipo tsiku lokaonana ndi dokotala musalilumphe. Ndipo ife tonse, tikaona mayi wakhala pampando pamene anzake akhala pansi, tiyambe tafunsa tisanaseke.